Mpando wa Mlendo ndi Chulu cha Anyamata: Mbiri ya Malo a Oonerera ku Chitipa

Kukakhala mwambo waukulu paboma la Chitipa, anthu okonza malo amalawirira m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Amayamba ndi kuzika chisakasa kapena tenti, kenaka amandandalika mipando. Kutsogolo kwenikweni amaikako mipando yawofowofo yobwereka m'nyumba za anthu, ndipo patsogolo pake pamakhala tebulo loyalidwa nsalu yoyera. Amenewo ndiwo malo a mlendo wolemekezeka. Kumbuyo kwake kumabwera mipando ya mafumu, ya akuluakulu a boma ndi ya atsogoleri a mipingo, ndipo kumapeto kumakhala mabenchi ochokera kusukulu. Anthu wamba amakhala pansi kapena kuimirira padzuwa, kuseri kwa chingwe. Koma ng'oma zikangoyamba kulira, anyamata ang'onoang'ono amathamangira pachulu kapena m'mitengo ya mango, ndipo madzulo ndi iwowo amene amakafotokoza bwino kunyumba mmene gule adayendera. Mlendo uja, ngakhale adakhala pamthunzi, kawirikawiri amakhala ataona misana ya ojambula zithunzi ndi fumbi basi.

Motero pabwalo limodzi pamakhala malo abwino amitundu iwiri. Pali malo a ulemu, pamene munthu amakhala kuti anthu amuone, ndipo pali malo a maso ndi makutu, pamene munthu amakhala kuti iye aone ndi kumva. Nthawi zina malo awiriwa amakumana, koma nthawi zambiri amasemphana. Kusemphana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo boma la Chitipa ndi limodzi mwa malo amene mbiriyo imaoneka bwino.

Chitipa ndi boma la kumpoto kwenikweni kwa dziko la Malawi. Limachita malire ndi Tanzania pamtsinje wa Songwe, ndiponso ndi Zambia chakumadzulo. M'bomali muli mitundu yambiri ya anthu: Alambya a kwa Mwaulambya, Asukwa a m'mapiri a Misuku, Andali, Anyiha, Anamwanga, Amambwe, Atumbuka a ku Nthalire ndi ku Wenya, ndi ena otero. Mtundu uliwonse udabwera ndi magule ake, koma makhalidwe a oonerera adali ofanana: anthu ankazungulira bwalo. Mfumu ndi akuluakulu ankakhala pa timipando tosema pansi pa mtengo, amayi ankakhala mbali yawo atatambalala, ana ankakhala kutsogolo, ndipo anyamata ankaima kumbuyo. Gule monga sendemule wa Alambya, amene ankavinidwa pamaliro, polonga mfumu kapena alenje akapha chilombo choopsa, ankayenda mozungulira, kotero kuti wovina aliyense ankadutsa pamaso pa woonerera aliyense. Panalibe munthu amene ankangoona msana wa gule kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Pabwalo lotere mfumu inkapambana anthu ake pa zinthu ziwiri zokha, mpando ndi mthunzi. Pa nkhani ya kuona, inkafanana ndi mwana wokhala pafumbi. Ndiponso mpata wa pakati pa wovina ndi woonerera sudali mpanda. Mayi wokondwa ankalowa m'bwalo akuimba nthungululu, n'kupukuta thukuta la wovina kapena kumufupa, kenaka n'kubwerera pamalo pake. Anthu akapanikiza bwalo, mnyamata wina ankayenda ndi kashamu kuwabweza pang'ono. Kunalibe tikiti, kunalibe nambala ya mpando.

Komabe si zoona kuti malo onse a pabwalo adali ofanana, ndipo anthu akale ankadziwa kusankha. Nyengo ya magule ndi chilimwe, anthu atakolola, ndipo m'nyengo imeneyi ku Chitipa kumaomba mphepo yamphamvu yonyamula fumbi. Munthu wokhala kumene mphepo ikulowera amamva bwino ng'oma ndi nyimbo, pakuti mphepo imamubweretsera mawu, koma imamubweretseranso fumbi lonse la mapazi a ovina. Wokhala kumene mphepo ikuchokera amapuma bwino, koma mawu a nyimbo amamuthawa. Akuluakulu adati pagule fumbi ndiwe mwini, ndipo mwambiwu ungathe kunenedwanso kwa woonerera, chifukwa naye amasankha yekha kuchuluka kwa fumbi limene angapirire. Palinso nkhani ya dzuwa. Gule wamasana amakoma dzuwa likapendeka, ndipo woyang'ana kumadzulo amathera nthawi yonse ataika dzanja pamphumi. Wochenjera amalipatsa dzuwa msana. Kukhala pafupi kwambiri ndi oimba ng'oma nakonso ndi kulakwitsa kumene amachita alendo. Ng'oma yaikulu imameza mawu ena onse, ndipo pambali pake pamakhala moto waudzu wowambira zikopa, umene utsi wake umalowa m'maso.

Zinthu zidayamba kusintha ndi msewu. M'chaka cha 1881 Azungu a ku Scotland adayamba kulambula msewu wochokera ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika, umene udatchedwa Stevenson Road potsata dzina la James Stevenson, mkulu wa zamalonda wa ku Glasgow amene adapereka ndalama zake. Msewuwo udakwera mapiri n'kudzera m'dera limene lero ndi Chitipa. M'zaka zomwezo za m'ma 1880 amishoni a Livingstonia adatsegula malo awo kwa Mweniwanda, ndipo m'zaka za m'ma 1890 atsamunda adamanga linga limene adalitcha Fort Hill, dzina limene bomali lidadziwika nalo mpaka nthawi ya ufulu. Amishoni adabweretsa buku ndi sileti, zimene olemba mbiri amazitchula kawirikawiri. Koma adabweretsanso chinthu china chimene sichitchulidwa, ndicho mzere. M'tchalitchi ndi m'kalasi anthu adayamba kukhala moyang'ana mbali imodzi, wina kumbuyo kwa mnzake, pa zipika kapena pa mabenchi a dothi, ndipo mlaliki kapena mphunzitsi ankaima yekha kutsogolo. Kuyambira pamenepo mawu oti kutsogolo ndi kumbuyo adakhala ndi kulemera kumene adalibe pabwalo lozungulira. Wokhala kutsogolo adasanduka wofunika, wokhala kumbuyo adasanduka wochedwa kapena wonyozeka.

Makhalidwe a mizerewa adali ndi mbiri yaitali kwawo kwa eni ake. Mumzinda wa Athens, zaka zoposa 2,000 zapitazo, Agiriki ankaonerera masewero a nyimbo ndi magule atakhala m'mbali mwa phiri, pa makwerero amiyala ozungulira mbali zitatu. Mzere woyamba udali wa akuluakulu, ndipo mpando wapakati udali wa wansembe wa mulungu wawo Dionysus. Bwalo lawo la ku Epidaurus, limene lilipo mpaka lero, linkalowa anthu oposa 12,000, ndipo limatchuka chifukwa wokhala pamwamba penipeni amamva mawu a munthu woyankhula pansi. Kunena zoona, Agiriki adangotenga nzeru ya chulu n'kuimanga ndi miyala. Ku London, m'nyumba ya zisudzo ya Globe imene idamangidwa m'chaka cha 1599, kumene ankaonetsako masewero a William Shakespeare, amphawi ankalipira kobiri limodzi n'kuimirira pafupi penipeni ndi nsanja, pamene olemera ankalipira zambiri kuti akhale m'makonde am'mwamba. Ku Italy, m'zaka za m'ma 1600, amisiri ankajambula zithunzi za pansanja mwa njira yoti zioneke zoongoka kuchokera pampando umodzi wokha, wa mfumu, ndipo ena onse ankaona zinthu zopendekeka molingana ndi kutalikira kwawo ku mpandowo. Munthu amene adalimbana ndi mwambo umenewu ndi Richard Wagner wa ku Germany. M'chaka cha 1876 adatsegula nyumba yake ya masewero a nyimbo ku Bayreuth, mmene mipando idakwera pang'onopang'ono ngati mbali ya phiri, yonse yoyang'ana kunsanja. Oimba zida adawabisa m'dzenje kutsogolo kwa nsanja, ndipo nyali za kwa oonerera adazichepetsa kuti anthu aleke kuyang'anana zovala. Choncho ngakhale ku Ulaya mkangano wa malo a ulemu ndi malo a maso udatenga zaka mazanamazana.

Ku Chitipa mzere udalowa m'gule weniweni kudzera m'nkhondo. Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Germany adathira nkhondo Karonga, ndipo dera lonse la m'malire lidasanduka njira ya asilikali. M'mwezi wa Meyi 1916 magulu a nkhondo a General Edward Northey adanyamuka kuchokera ku Karonga, ku Fort Hill ndi ku Fife kulowa m'dziko limene linkalamulidwa ndi Germany, ndipo amuna ambiri a m'midzi adagwidwa kuti akhale amtengatenga. Amene adabwerera amoyo adabwera ataona perete, malipenga amkuwa ndi ng'oma zachisilikali. M'zaka zotsatira, m'mbali mwa nyanja ndi kumpoto konse kudafala gule wa malipenga, amene ku Karonga ndi ku Chitipa amamutcha mapenenga. Ovina adavala makabudula oyera ositidwa bwino, masokosi aatali ndi zipewa, ndipo m'malo mwa malipenga amkuwa adaimba zikho zazitali. Gulu lililonse lidatchedwa boma, lokhala ndi mfumu yake ndi maudindo ena otengera kwa asilikali ndi atsamunda.

Chofunika pa nkhani ino n'chakuti mapenenga amavinidwa m'mizere yoongoka, ndipo mzere uli ndi nkhope ndi msana. Kwa nthawi yoyamba woonerera adatha kukhala pamalo olakwika kotheratu, n'kuthera gule yense akuona zidendene. Adathanso kulakwitsa pokhala pafupi kwambiri. Ubwino wa mapenenga uli pa kufanana: miyendo yonse kunyamuka pamodzi, zikho zonse kukwera pamodzi, mzere wonse kutembenuka ngati munthu mmodzi. Wokhala pamphuno pa ovina amaona munthu mmodzi kapena awiri, amaona thukuta ndi batani lothothoka, koma kufananako sakuona. Amene amaona gule yense ndi woimirira chapatali pang'ono, pamalo okwera.

Gule wina amene adatchuka pambuyo pake ndi mwinoghe wa Asukwa, Andali ndi Abandya, amene dzina lake m'Chisukwa limatanthauza kuti tisangalale. Adaphuka kuchokera ku indingala, gule wa ku Karonga, ndipo adakhazikika m'zaka za m'ma 1950, makamaka pakati pa ana a sukulu. Mwinoghe alibe nyimbo. Pamakhala ng'oma zitatu, wezulo ndi mawu a mtsogoleri wolamula ovina. Anyamata amaima mzere wawo, atsikana mzere wawo, moyang'anizana, ndipo luso lonse lili m'kupotokola thupi ndi m'kusinthasintha kwa mapazi. M'boma la ziyankhulo zambiri chotere, gule wopanda mawu ali ndi mwayi wake: Mlambya, Mtumbuka ndi Mnamwanga amamumva mofanana, ndipo palibe amene amafunika kusendera pafupi kuti atole mawu a nyimbo. Koma mwinoghe amavutitsa okonza mipando. Popeza mizere iwiri yayang'anizana, aliyense wokhala kumbuyo kwa mzere umodzi amaona misana ya mzerewo, ndipo misanayo imamutchingira nkhope za mzere winawo. Malo abwino ali kumapeto kwa mizere, pamene munthu amayang'ana m'kanjira ka pakati n'kuona mbali zonse ziwiri zikuyankhana. Kawirikawiri pamenepo sipakhala tenti.

M'zaka zomwezo za m'ma 1950 amuna ambiri a m'derali ankapita ku Joni. Bungwe la Wenela, limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ku South Africa, lidali ndi malo ake ku Fort Hill, ndipo ndege zake zinkatera pabwalo la pomwepo. Kumigodi amunawa adapeza makhalidwe ena a oonerera. Lamulungu, magulu a mitundu yosiyanasiyana ankavina magule akwawo m'makomponi, ndipo migodi ina idamanga mabwalo a makwerero amiyala ofanana ndi a Agiriki aja. Hugh Tracey, katswiri wojambula nyimbo za mu Africa, ndiye adakonza mapulani a bwalo lotere pamgodi wa Consolidated Main Reef m'zaka za m'ma 1940. Makwererowo adathetsa vuto la maso, pakuti aliyense ankaona pamwamba pa mutu wa mnzake. Koma Azungu obwera kudzaonerera ankakhala kumalo awoawo, ndipo anthu akuda kwawo. Apa chimene chinkasankha mpando sichidali msinkhu, ufumu kapena ndalama, koma khungu.

Mwezi wa Febuluwale 1959 uli ndi zochitika ziwiri zimene n'zoyenera kuziika pamodzi. Pa 2 Febuluwale, m'holo yaikulu ya Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, mudayamba kuonetsedwa sewero la nyimbo lotchedwa King Kong, lonena za moyo wa katswiri wa nkhonya Ezekiel Dlamini. Nyimbo zake adapeka ndi Todd Matshikiza, ndipo mmodzi mwa osewera adali Miriam Makeba. Holo ya payunivesite idasankhidwa kaamba koti kumeneko akuda ndi oyera ankatha kulowa pamodzi, chinthu chimene nyumba za zisudzo za mumzindamo sizinkalola. Sewerolo lidakafika ku London m'chaka cha 1961, koma kwawo boma la tsankho lidakhwimitsa malamulo, ndipo m'chaka cha 1965 lidaletsa kusakaniza mitundu m'malo a zisangalalo popanda chilolezo. M'mwezi womwewo wa Febuluwale 1959, anthu otsatira chipani cha Nyasaland African Congress adatseka bwalo la ndege la Fort Hill kuti ndege zisatere, ndipo m'mapiri a Misuku dzina la Flax Musopole lidasowetsa tulo atsamunda. Pa 3 Malichi Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Anthu a ku Johannesburg ndi a ku Fort Hill sadapangane, koma onse ankakana chinthu chofanana, ndicho kuuzidwa ndi mlendo pamene ayenera kukhala m'dziko lawo lomwe.

Ufulu udabwera pa 6 Julayi 1964, ndipo munthu akadayembekeza kuti bwalo lozungulira libwerera. M'malo mwake kudabwera nsanja. M'zaka 30 za ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, magule adakhala mbali yaikulu ya misonkhano ya boma ndi ya chipani. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha ufulu, magulu a ovina ochokera m'maboma onse ankasonkhana pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, ndipo a ku Chitipa ndiwo ankayenda ulendo wautali kuposa onse. Mtsogoleriyo akamayendera mbewu m'zigawo, amayi a mbumba ankavala nsalu za nkhope yake n'kumuvinira. Pamisonkhano yonseyi gule ankakonzedwa moyang'ana mpando umodzi. Ovina ankalowa, kugwada, kuvina ndi kutuluka nkhope zili kunsanja, ndipo khwimbi la anthu, kuphatikizapo ana a sukulu amene adafika m'mawa ndi kukhala padzuwa tsiku lonse, linkaona gule cham'mbali kapena chakumbuyo. Zimene amisiri a ku Italy adachita ndi utoto, akuluakulu a chipani adachita ndi matupi a anthu. Chodabwitsa n'chakuti mwini mpandoyo sankakhutira nawo. Kawirikawiri ankatsika pansanja, litchowa lili m'manja, n'kulowa pakati pa amayi ovina, monga ankachitira oonerera pabwalo lakale. Kusiyana kwake kudali koti ufulu wolowa m'bwalowo udatsala wa munthu mmodzi.

Pabwalo lalikulu ngati la masewero palinso vuto lina limene aphunzitsi a sayansi angalifotokoze. Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo, koma mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Munthu wokhala mamita 100 kuchokera pa ng'oma amamva kulira kwake patapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Kwa gule wa mapazi ofulumira ngati mwinoghe, kuchedwa kotere n'kokwanira kuti ovina aoneke ngati akuphonya ng'oma, chikhalirecho sadalakwe kanthu.

Zisudzo zolembedwa zidafika kwa achinyamata kudzera m'sukulu za sekondale. Bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM lidayamba mpikisano wa masewero m'chaka cha 1969, ndipo m'chaka cha 1970 ku Chancellor College kudabadwa gulu la Travelling Theatre limene linkayenda ndi masewero m'madera osiyanasiyana. Pambuyo pake Du Chisiza Jr., amene makolo ake adali a ku Karonga, adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987, ndipo gululi lidayendera maholo ndi masukulu ambiri mpaka pamene iye adamwalira m'chaka cha 1999. M'sukulu zambiri za kumidzi nyumba ya zisudzo idali holo yodyeramo. Nsanja ikasowa, ankalumikiza matebulo, ndipo chotchinga chidali mabulangete kapena nsalu zapabedi. Pansi pa holo yotere ndi pathyathyathya, motero mutu wa munthu aliyense umatchinga wa kumbuyo kwake. Mzere woyamba udali wa mphunzitsi wamkulu ndi alendo, amene ankaonerera atapinda khosi chifukwa nsanja idali pamwamba pa maso awo. Ophunzira a makalasi akuluakulu ankalanda mabenchi otsatira, ndipo a Fomu 1 ankatsalira kumbuyo, kumene ankakwera pamabenchi kapena kukolekera pamawindo. Denga lamalata linkabweza mawu, ndipo mvula ikagwa sewero linkasanduka la manja okhaokha. Oweruza mpikisano, amene ntchito yawo idali kuona ndi kumva zonse, nthawi zambiri ankaika tebulo lawo chapakati, mizere ingapo kuchokera kutsogolo, ndipo wophunzira watcheru akadaphunzira kanthu poona zimenezo.

Panalinso chifukwa china chosamalira pokhala. Lamulo la 1968 loyang'anira mabuku ndi zisangalalo linkafuna kuti sewero lililonse liyambe lavomerezedwa ndi bungwe la boma lisanaonetsedwe, ndipo olemba adaphunzira kubisa mfundo zawo m'nthano ndi m'miyambi. Woonerera naye adaphunzira kuyang'ana amene wakhala naye pafupi asanaseke. M'zaka zimenezo mpando wabwino udali umene mbali zake zonse ziwiri kudakhala anthu owadziwa.

Akatswiri ena a zisudzo adaona kuti mizere ikutsekereza anthu akumudzi. Ku Lusaka, aphunzitsi ndi ophunzira a Yunivesite ya Zambia adamanga bwalo lapanja lotchedwa Chikwakwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kuno ku Malawi, Chris Kamlongera, David Kerr ndi anzawo adatenga ophunzira a ku Chancellor College kupita nawo ku Mbalachanda m'boma la Mzimba m'chaka cha 1981, ndipo pambuyo pake kumidzi ya kufupi ndi Liwonde, kukachita masewero a zachitukuko ndi zaumoyo. Kumeneko adasiya nsanja, nasewera pansi pa mtengo, anthu atazungulira. Wosewera ankatembenukira kwa oonerera n'kuwafunsa maganizo, ndipo oonererawo ankayankha, kutsutsa, ngakhale kulowa m'seweromo. Anthu ophunzira adayenda ulendo wautali wa m'mabuku kuti akafike pamene agogo a ku Ulambya ndi ku Misuku adali kale.

Lero mwana wa ku Chitipa amatha kutsika msewu wa tala wa makilomita pafupifupi 100 kupita ku Karonga, n'kupitirira mpaka ku Lilongwe, kumene angakalowe m'holo ya mipando yokwera monga ya ku Bingu International Convention Centre. Ena amakafika ku Market Theatre ku Johannesburg, kumene sewero la nyimbo la Sarafina! la Mbongeni Ngema lidayambira m'chaka cha 1987. M'nyumba zotere munthu amasankha mpando pogula tikiti, ndipo chizolowezi cha kumudzi chimamukankhira kutsogolo. Koma sewero la nyimbo lili ngati mapenenga: lili ndi nkhope zofunika kuziona pafupi, ndiponso lili ndi magule a anthu ambiri ofunika kuwaona patali. Wokhala mumzere woyamba amaona nkhope, koma mapazi a ovina amabisika ndi mlomo wa nsanja, ndipo zida za oimba, zimene zili pamphuno pake, zimaphimba mawu a nyimbo. Wokhala kumphepete kwenikweni amataya ngodya imodzi ya nsanja, ndipo chilichonse chochitikira kumeneko amangochimva kwa anzake akamaseka. Wokhala kumbuyo pansi pa khonde lam'mwamba amakhala ngati ali m'phanga, pakuti khondelo limadula mbali yam'mwamba ya nsanja ndi kufooketsa mawu. Malo amene maso ndi makutu amagwirizana ali pakati pa holo, munthu atadutsa gawo loyamba mwa magawo atatu a mizere, kapena m'mizere yoyamba ya khonde lam'mwamba, kumene magule amaoneka ngati chithunzi choyalidwa pansi. Palinso chizindikiro chosavuta: mmisiri wosakaniza mawu a zimkuzamawu amakonza zonse molingana ndi mmene iye akumvera pamene wakhala, motero mipando yoyang'anizana ndi tebulo lake, chakutsogolo kwake, imalandira mawu osakanizidwa bwino.

Ku London ndi ku New York eni nyumba za zisudzo amadziwa zimenezi, ndipo matikiti okwera mtengo kwambiri amakhala a pakati, osati a kutsogolo kwenikweni. M'chaka cha 1996 eni sewero la nyimbo la Rent ku New York adayamba kugulitsa mizere iwiri yoyamba pa madola 20 okha, kuti achinyamata osauka athe kulowa. Kuno kwathu ku Malawi zinthu n'zotembenuka. Pa zoimbaimba zambiri tikiti yodula ya VIP ndi ya kutsogolo, nthawi zina pafupi penipeni ndi zimkuzamawu zazikulu, ndipo munthu amalipira kawiri kapena katatu kuti atuluke makutu akulira. Sikuti wanamizidwa. Wagula chimene amafuna, ndiwo malo a ulemu.

M'chaka cha 2018 bungwe la UNESCO lidaika mwinoghe pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse, pamodzi ndi vimbuza, gule wamkulu ndi tchopa zimene zidalembedwa kale. Kuyambira kale gule ameneyu amaitanidwa pa miyambo ya boma, ndipo kumeneko amakumana ndi tenti. Atsogoleri ena a magulu amapendeketsa mizere yawo kuti kanjira ka pakati kaloze kwa mlendo wolemekezeka. Ena amaisiya mmene iliri, ndipo mlendoyo amaona misana ya anyamata. Kumidzi ya ku Misuku, anthu akatha kukolola, vutoli silioneka kwenikweni, chifukwa dziko lenilenilo ndi lotsetsereka ndipo pafupifupi bwalo lililonse lili ndi mtunda pambali pake. Amayi amayala zitenje pamtundapo, dzuwa lili kumsana, ana amakhala m'munsi mwawo, ndipo ng'oma zitatu zikatha kuwambidwa, mtsogoleri amaliza wezulo.